Chishalo Chimene Ndinawongola

Tinanyamuka kwathu ku Nachisaka Lolemba, hafu pasiti faifi, kunja kutangoyera. Tinali anthu awiri pa njinga ziwiri: ine patsogolo, kumbuyo kwanga apongozi anga aNaphiri, mkazi wa mwana wanga Yohane. Ulendo unali wa ku Ntchisi Boma, ndipo tinayenera kukafika 10 koloko isanakwane.

Chinali chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Ana anakhamukira m'makalasi, aphunzitsi anachepa, ndipo boma linayamba kuitana anthu amene anali ndi satifiketi kuti akayesedwe, opambanawo apatsidwe choko. ANaphiri anali ndi satifiketi ya Fomu 2, imene inagona m'sutikesi zaka zisanu ndi chimodzi. Kwawo ndi ku Ntchisi ndipo dzina analembetsa komweko, kwathu kuno anabwera chitengwa. Kalata yowaitana inafikira kwa makolo awo, n'kuyenda m'matumba mwa anthu mpaka kutipeza Loweruka masana. Yohane anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Wowaperekeza panalibe wina koma ine.

Iwo anafuna kuti tinyamuke Lasabata, tikagone kwa makolo awo. Mawuwo anadzera mwa mlongo wanga Esinati, pakuti kwathu munthu salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Ine ndinayankha, kudzeranso mwa Esinati, kuti Lasabata ndili ndi ulaliki ku nyumba ya mapemphero, ndiponso chibadwire sindinayendepo ulendo pa tsikulo. Ndinati tikalawirira Lolemba tikafika nthawi ikadalipo yambiri. Msewuwo ndinali nditauyendapo kangapo, maola atatu ndi theka. Sindinaganize kuti maolawo ndinkawerengera thupi langa.

Njinga imene aNaphiri anakwera inali ya malemu mkazi wanga aNambewe, yakuda, yopanda mtanda. Chimwalirire iwo inkangolendewera kudenga, zaka zinayi. Loweruka lomwelo ndinaitsitsa, ndinathira mafuta tcheni, ndinamata chubu cha kumbuyo. Chishalo ndinachipeza chitawerama, mphuno yake italoza pansi ngati nkhuku yojompha chimanga. Ndinatenga sipanala n'kuchiwongola, mphuno ndinaidzutsa monga chikhalira changa, ndinachikwezanso zala zitatu poona kuti aNaphiri ndi aatali, n'kumanga zolimba. Chikopa chake chinali chitauma gwa. Ndinadziwa kuti apongozi anga anasiya njinga kalekale, pamene anasiya sukulu, ndipo pakati apa anabereka kawiri. Tsono ndinadula siponji ku matiresi akale, ndinaiika pa chishalopo, ndinakuta ndi chiguduli, n'kukulunga ndi malegeni, mphira za chubu chakutha zija. Nditamaliza ndinasisitapo ndi dzanja ndipo ndinakondwa. Mumtima ndinati mwana wa eni akhala ngati pa sofa.

M'mawa wa ulendowo ndinapemphera pabwalo, iwo atagwada chapatali pafupi ndi khola la mbuzi. Anavala diresi lawo la ku tchalitchi, chitenje pamwamba, mapepala ali m'jumbo imene anamangirira pa kaliyala. Ine ndikuyang'ana ku nkhokwe ndinati, "Tiyeni apongozi, dzuwa lisatipeze pano."

Iwo akuyang'ana pansi anati, "Chabwino bambo."

Kwathu mwamuna ndiye amatsogola. Komanso si ulemu kutembenuka kuyang'ana mpongozi pamene akupalasa, chitenje chikulimbana ndi mphepo. Ndinasiya mpata wongoponya mwala pakati pathu, maso ndinaika pa tayala langa, ndipo ndinkangomvetsera kulira kwa madigadi awo. Malinga akulira, ndinkati zonse zili bwino.

Ola loyamba linali lokoma. Kunali kachisanu, utsi wa mapesi otenthedwa uli ndendende m'zigwa. M'madambo amuna anali kale pa nazale za fodya ndi makheni awo. Pa mkuyu wina ndinaona mbendera za zipani zitatu pa nthambi imodzi, zonse zitasuluka mofanana, ndipo ndinaseka ndekha pokumbukira kuti miyezi ingapo m'mbuyomo eni ake sankabwerekana ndi moto womwe. Tikudutsa dambo lachiwiri, mkulu wina amene tinkayimba naye kwaya tili anyamata anaimika kheni n'kufuula.

"A Chisale, mwatibisira ukwati kodi? Ndiye mwasankha bwinotu."

"Ndi apongozi anga awa," ndinatero.

"Ayi pepani, pepani. Maso akalamba awa," anatero, n'kuwerama pa nazale ngati wataya singano.

Cha m'ma 7 koloko tinatsikira ku mtsinje woyamba, pamene pali mlatho wa matabwa. Kuchokera pamenepo msewu unasintha. Magalimoto a fodya anali atausiya ndi mizeremizere ngati lata la padenga, ndipo njinga inkanjenjemera mpaka mano kuwombana. Ndinamva belu kumbuyo. Panali mbuzi m'mbali mwa msewu, ndiye ndinati akuopseza mbuzizo. Patapita kanthawi linaliranso, kawiri motsatana. Ndinasendera kumanzere kuti mwina akufuna njira yabwino, n'kupitiriza kupalasa.

Pa zitunda zikuluzikulu tonse tinkatsika n'kumakankha, monga achitira aliyense m'mapiri amenewa. Koma ndinayamba kuzindikira kuti madigadi aja ankasiya kulira ngakhale pa kachitunda koti mwana angakwere. Kenaka anayamba kusiya kulira ndi pachidikha pomwe. Ndinkaima, osatembenuka, mpaka nditamva mapazi awo, n'kuyambanso.

Anthu amati ine sindifulumira kuweruza munthu. Mwina nzoona, koma tsiku limenelo ndinaweruza, kungoti ndinachita pang'onopang'ono. Poyamba ndinati miyendo yaiwala. Kenaka ndinati mwina mantha a mayeso awagwira, akufuna tichedwe dala kuti pakhale chonamizira. Potsiriza ndinaganiza zimene ndimachita nazo manyazi mpaka lero, kuti ana a masiku ano ntchito ya pa mpando amaifuna koma thukuta lokafikira pa mpandopo salifuna. Wotchi yanga inati kota pasiti eyiti, ndipo tinali tisanafike ndi theka lomwe. Ndinalankhula ndikuyang'ana kutsogolo.

"Nthawi ikutha, apongozi."

"Chabwino bambo."

Ndinamva akukwera. Anapalasa osatsikanso kwa theka la ola, pa mizeremizere yokhayokha. Pa ulendo wonsewo, theka la ola limenelo ndi limene ndikanakonda kulibweza.

Chapamenepo anatipitirira mayi wina wa zaumoyo, bokosi la katemera lili pa kaliyala, atavala buluku. Lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku linali litangochotsedwa kumene ndipo maso athu anali asanazolowere. Ndinayang'ana kumbali. Koma ndiyenera kuvomera kuti chitunda chimene ine ndinatsikapo, iye anachikwera ali pa njinga, n'kutipatsa moni osapuma movutika.

Cha m'ma 9 koloko ndinafika pa kamsika kena ka m'malire a Dowa ndi Ntchisi: magolosale anayi, chigayo, tiirumu ndi mzikiti waung'ono wa njerwa. Ndinatsamiritsa njinga pa khonde la golosale yoyamba n'kuyembekeza. Panapita mphindi khumi ndi zisanu. Apa ndiye ndinayang'ana kumbuyo kwa nthawi yoyamba, ndipo ndinawaona akubwera akukankha njinga, akuyenda motangadza, phazi lililonse kuliika pansi mosamala ngati akuwoloka pa miyala yoterera. Nkhope inali mbuu ndi fumbi, kupatula mizere iwiri pa masaya. Ndinabweza maso msanga, ndipo nthawi imeneyo ndinkati ndi ulemu.

Pakhondepo panali mwini golosale, mayi wonenepa wa mpango wobiriwira, akupima mchere m'timapepala. Anthu ankamutchula Abiti Saidi. Anayang'ana aNaphiri, anayang'ana ine.

"Mayi awa ndi anu, bambo?"

"Ndi apongozi anga."

"Ndiye chifukwa chake," anatero. Anasansa manja, anatsika pakhonde, anagwira aNaphiri pamkono n'kupita nawo kuseri kwa golosale, osandiuza kanthu.

Ndinalowa m'tiirumu n'kugula tiyi wa mkaka ndi sikono pa kwacha imodzi ndi theka. Munali amuna atatu akukangana za mtengo wa feteleza. Ndisanafike pakati pa kapu, Abiti anatulukira, n'kulunjika pa njinga yakuda ija. Ndinatuluka ndi kapu m'manja.

"Anamanga izi ndani?"

"Ndine."

"Munkamanga chishalo kapena belo la fodya?"

"Ndinkafuna pakhale pofewa."

"Pofewa. Tagwirani apa."

Ndinagwira. Siponji inali itaphwatalala m'mbali n'kuunjikana pakati ngati mzere wa mbatata. Mfundo za malegeni, zimene ndinamangira pansi, zinali zitasendera pamwamba. Chiguduli chinali chonyowa ndi thukuta ndipo chinkakanda ngati msasa.

"Chiguduli pa thupi la munthu maola atatu," anatero Abiti. "Inuyo titakuikani chiguduli m'kati mwa buluku, mungafike pa mlatho wa matabwa paja?"

Amuna a feteleza aja anali atatuluka kudzaonerera, ndipo mmodzi anaseka mpaka kutsamwa.

"Nanga mphuno iyi yaloza kumwamba ikuyembekeza chiyani, mvula?"

"Ndi mmene chishalo chimakhalira, mayi."

"Chanu. Mkazi sanaumbidwe ngati inu. Kutsogolo kukadzuka chonchi, thupi lonse limatsamira posayenera kutsamira. Mwachikwezanso, ndiye kuti pofikira mapedulo akupendekera uku ndi uku, kukhuzika kokhakokha. Munakwatirapo inu?"

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Njingayi inali yawo. Anatisiya."

Abiti anatsitsa mawu. "Pepani. Mulungu awalandire," anatero. Anatenga mpeni, anadula malegeni, n'kuponya siponji ndi chiguduli m'ngalande. Kenaka anawerama kusuzumira pansi pa chishalo, pamene chimagwirana ndi chitsulo.

"Bwerani muone. Apa chitsulo chadyeka, chikuwala. Ndi pamene chinkakhala zaka zonse. Sichinawerame chokha ichi, bambo. Mayi anu anachiika dala."

Ndinayang'ana, ndipo zinali momwemo. Nditaima pamenepo ndi tiyi wozizira m'manja ndinakumbukira kuti aka sikanali koyamba kuwongola chishalo chimenecho. ANambewe akamapita ku misonkhano ya amayi a mpingo, ine ndinkawakonzera njinga dzulo lake, ndipo ndikapeza chishalo chitawerama ndinkachidzutsa. Iwo ankati zikomo. Akabwera ndinkachipeza chitaweramanso, n'kumanena kuti bawuti yatha mano. Chaka china ndinachita kukagula bawuti yatsopano ku Mponela. Ndiye kuti mkazi wanga ankayenda ndi sipanala yake m'chikwama, n'kumaima kuseri kwa mudzi kukonza zimene ine ndakonza, zaka zonsezo, osandiuza.

"Belu anakuimbirani kangati?" anafunsa Abiti.

"Ndinkayesa akuimbira mbuzi."

"Mbuzizo zinamva. Mwana uyu wanyuka, matuza aphulika. Sindikuuzani pati, ndinu wamkulu. Ndamupatsa madzi ofunda a mchere ndi mafuta odzola. Ndamubwereka buluku lakale la bambo a kunyumba kuno, lofewa, avale m'kati mwa chitenje kuti misoko ya zovala isamudye. Musachite tsinya, masiku ano sakumanga munthu chifukwa cha buluku."

"Sindinachite tsinya."

"Mwachita. Ine ndimapalasa kukaoda katundu kawiri pa mwezi, ndipo nditabereka wotsiriza ndinayambira kuchigayo, kenaka kumsika, sabata ziwiri, kuti thupi lizolowere. Munthu wabereka kawiri, zaka zisanu ndi chimodzi osakwera, inu n'kumuyambitsa ndi Ntchisi?"

Ndinatulutsa sipanala, ndipo iye ataima pambali panga ngati kapitawo ndinatsitsa chishalo zala zitatu zija, n'kuweramitsa mphuno mpaka inagwera pa chitsulo chodyekacho. Inakhazikika yokha, sindinachite kufunafuna.

Ndinafunsa za matola. Mmodzi wa amuna aja anati Lolemba imadutsa pikapu imodzi, ikafuna, ndipo nthawi yake amaidziwa ndi mwini wake yekha. Abiti anati kunena zoona mwanayu sayenera kukweranso njinga lero. Apo aNaphiri anatulukira pa ngodya ya golosale. Tiyi anamwa chiimire. Analankhula ndi Abiti, koma mokweza kuti ndimve.

"Auzeni bambo kuti ndipitabe. Galimoto ikatipeze kutsogolo."

"Mwamva?" anatero Abiti. "Ndasanduka positi ofesi tsopano. Bulukulo mudzabweze mukamadzadutsa."

Tinachoka pamenepo itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 10 koloko. Sindinatsogolenso. Pa mtsetse iwo ankaima pa mapedulo osakhala, pachidikha ankakhala chammbali pang'ono n'kupalasa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, n'kudzukanso. Pa chitunda ndinkatenga njinga zonse ziwiri, ina dzanja ili ina dzanja ili, iwo n'kumayenda opanda kanthu. Zinaoneka kuti chishalo tsopano chinali bwino, koma kukonza chishalo sikubweza khungu.

Tili pamwamba pa chitunda china, pamene phiri la Ntchisi limaonekera lonse ndi nkhalango yake yakuda, ndinayang'ana wotchi n'kubweza dzanja msanga. Anandiona.

"Yakwana, bambo?"

Chilowere m'banja mwathu, limenelo linali funso loyamba kundifunsa okha popanda wodutsamo.

"Yakwana."

"Tiyeni basi. Mwina ayamba ndi a mayina ena."

Dzuwa linakula. Inabwera lole, koma inkachokera kumene tinkapita, itasenza milimo ya denga. Ndinaimika ndithu. Dalaivala anasuzumira pazenera n'kunena kuti akupita nayo ku Dzaleka, kumene ankamanga nyumba za anthu othawa nkhondo, ndipo kutembenuka sangathe ngakhale titamupatsa ng'ombe. Anatisiyira fumbi. Pa mudzi wina ndinagula nthochi zinayi ndi chigumu, ndinaika gawo lawo pa kaliyala ya njinga yawo n'kusendera patali kuti adye momasuka. Anadya nthochi imodzi, zinazo anamanga pa chitenje.

Pikapu inatipeza hafu pasiti leveni. Inali yoyera kalekale, chitseko cha kumbuyo chomanga ndi waya. Kondakitala anati munthu makwacha asanu ndi atatu, njinga makwacha atatu, ndipo sindinanenerere. Njinga anazimangirira kunja, ife tinakwera pamwamba pa matumba a nyemba. ANaphiri anayesa kukhala, anadzuka nthawi yomweyo, n'kugwada atagwira chitsulo cha kuseri kwa dalaivala. Mayi wina amene anafungatira dengu la nkhuku anawayang'ana n'kutembenukira kwa ine.

"Banja lopemphera ili. Mpaka m'galimoto kugwada?"

"Akupempherera mabuleki," anatero kondakitala. "Asiyeni, tonse tipindula."

Anthu anaseka, ndipo aNaphiri nawo anamwetulira pang'ono. Galimotoyo inaima katatu: kukweza nyemba zina, kutsitsa mayi wa nkhuku, ndi kuthira madzi mu injini pa mjigo. Pa mjigopo dalaivala anakumana ndi mlamu wake ndipo anayamba kufotokozerana za maliro. Ine amene sindikweza mawu pa anthu ndinapezeka ndikumenya denga la galimoto ndi chikhatho.

Tinatsika pa Ntchisi Boma itatsala mphindi khumi kuti ikwane 1 koloko. Kuchokera pa msika kukafika ku ofesi ndi pafupi, koma tinayenda ngati operekeza maliro. Pakhonde la ofesiyo panali mabenchi opanda anthu, pansi pali makoko a nthochi ndi a mtedza, kusonyeza kuti panali khamu. Mtsikana wina amene anaphunzira limodzi ndi aNaphiri anali akumanga nsapato kuti azipita. Anawakumbatira.

"Unali kuti iwe? Anakuitana katatu. Zinali zosavuta mnzanga, kuwerenga ndime imodzi, masamu a Sitandade 5, n'kufunsa chifukwa chimene ukufunira uphunzitsi. Iwe ukanangodutsa, si unkatiposa tonse?"

M'kati tinapeza kalaliki akudya chinangwa. Anatilandira mwaulemu, anapukuta manja, anamvetsera. Anati oyesa anamaliza 12 koloko ndipo anyamuka ndi mapepala onse kupita dera lina. ANaphiri anapempha kuona mndandanda. Kalalikiyo anatulutsa pepala lotsalira, ndipo dzina lawo linalipo, lolembedwa bwino, kutsogolo kwake kuli kamzere. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinavula chipewa n'kuyamba kufotokoza kuti wolakwa si iwo, ndine, ndipo ngati pali kalata yoti ndilembe kapena munthu woti ndikamugwadire andiuze.

"Ndikukumvani bambo," anatero kalalikiyo, "koma mapepala apita. Akadzaitananso mudzamva. Mayi, khalani pa benchipo mupume."

"Zikomo, ndiima," anatero aNaphiri.

Kwa makolo awo ndi ulendo wa ola limodzi kuchokera pa Boma, njira ya kumapazi yodutsa m'minda. Tinayenda maola awiri, ine ndi njinga ziwiri. Tinafika dzuwa litapendeka. Mayi awo anatiwonera patali n'kuyamba nthungululu, koma ataona kayendedwe ka mwana wawo anaidula pakati. Anali atapha nkhuku. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ine ndi asewere anga a Phiri, bambo wa aNaphiri, n'kutibweretsera thobwa. ANaphiri anagwada chapatali pafupi ndi mayi awo. Titalonjerana, a Phiri anafunsa mwana wawo.

"Nanga zayenda bwanji kumeneko?"

"Tinachedwa, bambo. Tapeza atamaliza."

"Kuchedwa? Kalata sinafike Loweruka?"

"Inafika. Njinga inavuta panjira."

Anayankha mosadodoma, maso ali pansi, ndipo ndinaona kuti yankholo analikonza tikuyenda m'minda muja, kuti andiveke. A Phiri anagwedeza mutu, anayamba kunena za njinga za masiku ano ndi machubu ake osalimba. Ndikanangomwa thobwa langa nkhani ikanathera pomwepo. Ndinaika chikho pansi.

"Asewere, njinga inalibe vuto. Mwana wanu anapempha kuti tinyamuke dzulo, ine ndinakana chifukwa cha Sabata. Chishalo chinali bwino, ine ndinachiwononga poyesa kukonza. Panjira anandiitana ndi belu, sindinatembenuke. Atavulala ndinawauza kuti nthawi ikutha. Ntchitoyi ndawatayitsa ndine."

Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mphasa. A Phiri anayang'ana chikho chawo, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo mawu awo anali a munthu wofuna pogwira.

"Nanga iwe, pakamwa unasiya kunyumba? Sukananena kuti bambo imani, ndikupwetekedwa?"

"Ndikananena kuti ndikupwetekedwa pati?" anatero aNaphiri. Anayang'ana mayi awo. "Si munandilanga nokha pondiperekeza ku ukwati, kuti za m'kati mwa chitenje apongozi sauzidwa, ngakhale utafa nazo?"

Mayi awo anadzuka, anagwira mwana wawo dzanja n'kulowa naye m'nyumba. Kenaka a Phiri anati, "Zachitika, asewere. Imwani thobwa." Ndinamwa, pakuti kukana kukanakhala kuwonjezera mlandu.

M'mawa mwake ndinabwerera ndekha, ndipo ndinayenda maola atatu ndi theka monga ndinanenera. ANaphiri anatsala kwa mayi awo masiku asanu mpaka zilonda zitauma, n'kubwera pa matola. Pamene anadzaitananso anthu, iwo anali ku Kasungu kwa amuna awo, ali ndi pakati potopa. Pambuyo pake boma linayamba kufuna a Fomu 4 okha. Choko sanachigwire. Mnzawo uja akuphunzitsa mpaka lero, ndipo ndimamva kuti anamanga nyumba ya malata.

Ndalingalira za ulendo umenewu kambiri, makamaka ndikamakonzekera ulaliki. Palibe chimene ndinachita tsiku limenelo chimene anthu akanati nchoipa. Ndinasunga Sabata, ndinakonza njinga, ndinapatsa mpongozi ulemu wake wonse. Chimene sindinachite ndi kufunsa. Tsono kwa amene adzayende msewu wa Dowa ndi Ntchisi ndi mayi amene anasiya njinga kalekale, ndinene izi: chishalo musachikute ndi nsanza, musachikonze mwini wake asanakhalepo, ayambe ndi maulendo afupiafupi, ndipo pa mtsinje woyamba muime. Ngati mwambo sukulolani kufunsa, pezani mayi mnzake amufunse. Amayi ali paliponse m'njiramo, pa mijigo ndi m'minda. Ine ndinadutsa ambiri m'mawa umenewo, ndipo onse ndinawapatsa moni.

ANaphiri amalima fodya ndi mwamuna wawo, ndipo ana awo akabwera ndi masamu ovuta amawathandiza ataimirira, mpeni wosendera mbatata uli m'manja. Amandipatsa ulemu monga kale. Madzi osamba amanditengera, ndikadwala amandiphikira phala. Za tsiku lija sanazitchuleponso. Ndinapempha Esinati kuti akawafunse ngati anandikhululukira, ndipo anabwera ndi yankho lakuti, "Auzeni bambo kuti palibe mlandu." Ndinalandira mawuwo. Koma ndikudziwa kuti ngakhale mlandu ukanakhalapo, yankho likanakhala lomwelo.